Bezi Inameza Mawu a Bambo

Chaka chimene ndinagula kagalimoto konyamula anthu pakati pa Dwangwa ndi ku boma, ndinaikitsa chisipika chachikulu m'buti, chija amati wufa. Chikagunda, magalasi ankanjenjemera, ndipo ine ndinkanyada nacho kwambiri.

Bambo anamwalira dzinja la chaka chomwecho. Anali mphunzitsi wopuma, ndipo kwa zaka zambiri ankaimba bezi, mawu otsika aja, m'kwaya ya kutchalitchi kwathu ku Chia. Patapita miyezi itatu, mlongo wanga ananditumizira nyimbo imene wina anajambula pa foni tsiku la ukwati wa mlongo wangayo. Anati bambo alimo, pali mzere umodzi umene akuimba okha. Koma pa foni sankamveka, poti kasipika ka foni sikatulutsa mawu otsika chotero.

Mayi atamva za nyimboyo anandiimbira.

"Ubwere ndi galimoto yako yaphokoso ija. Ndikufuna ndiwamve abambo ako."

Ndinafika Loweruka masana, ndipo ndinawapeza akuyanika chinangwa pa thandala. Anasamba m'manja, n'kumanga duku latsopano ngati akupita kwinakwake, kenaka anakhala mpando wakutsogolo. Ndinatsegula nyimbo ija. Azimayi a kwaya anayamba bwinobwino. Pamene pankayenera kulowa bambo, wufa inangoti duuu, chitseko cha buti n'kuyamba kulira.

"Amenewo ndi abambo ako kapena ndi chigayo?" anafunsa mayi.

Ndinatsitsa bezi. Kugunda kunatha, azimayi aja anamveka mawu ndi mawu, koma bambo anasoweratu. Pamalo pawo panangotsala kamphepo ndi kukhosomola kwa munthu wina. Ndinakwezanso pang'ono, kunabwera mdidi wopanda chilankhulo. Ndinatsitsa, ndinakweza, thukuta lili kamukamu. Mayi makutu anali atayamba kale kuwavuta, choncho anawerama n'kugunditsa khutu pa sipika ya pachitseko. Ndinayang'ana kumbali.

Lolemba ndinapita kwa mkulu amene anandilumikizira zoimbirazo ku Dwangwa, bambo wa imvi wodziwika ndi kukonza mawailesi. Anaimvetsera nyimbo ija katatu, maso ali chitsinzinire.

"Achimwene, wufa sinapangidwe kuti ilankhule," anatero. "Yake ntchito n'kugunda pachifuwa. Mawu a munthu amatuluka m'masipika ang'onoang'onowa. Tsono a bambo anu ali pamalire. Wufa ikuwameza, ang'onowa sakuwafikira."

"Ndiye titani?"

Anatsegula buti. Anazula waya wa wufa, anasintha masipika a m'zitseko, n'kumapotokola timabatani ta ampu, chipangizo chokuzira mawu, ndi sikuludiraiva mpaka dzuwa linapendeka. Pomaliza ndinamva mawu awiri okha, "banja ili", ali patali ngati munthu akuitana ali kutsidya kwa dambo. Anali bambo. Ndinawauza kuti apitirize.

Anapukusa mutu. "Wojambulayo anaima pafupi ndi azimayi. Chimene foni sinatole, ine sindingachipange."

Ndinabwerera ku Chia ndi mawu awiriwo. Mayi anakhalanso kutsogolo. Ndinawauza kuti atchere khutu, ndipo mzere uja utayandikira ndinakweza chala.

"Apa, mayi. Mwamva?"

"Bwezanso."

Ndinabweza kasanu. Kachisanu ndi chimodzi anayamba kuimba mzerewo okha, akutsitsa mawu monga ankachitira bambo, koma analekezera panjira.

"Sindikuwamva, mwanawe," anatero. "Ndikungodziwa kuti apa m'pamene amalowa."

Ndinafuna kuwauza kuti ndikayesa ku Lilongwe, kuti kumeneko kuli akatswiri a makompyuta. Koma ndinali nditamva kale yankho lake kwa mkulu uja, ndipo sindinafune kuwanamiza. Nyimbo inapitirira, azimayi akuimba, anthu a paukwati akululutira.

"Zimitsa, ungathe batire," anatero mayi.

Ndinazimitsa. M'galimoto munali motentha, koma tinakhalamo nthawi yaitali, palibe amene anatsegula chitseko.