Zigamba za Mayi Concepta Hanrahan

Mayi Concepta Hanrahan a m'parishi yathu anamwalira pa 9 Febuluwale 2023, ali ndi zaka 81. Anabadwira pafamu ya ng'ombe ku Clare mu 1941, ndipo anasiya sukulu ali ndi zaka 14 kuti alere azing'ono awo. Amuna awo atamwalira mu 1979, anakulitsa okha ana anayi ndi ntchito yochapa zovala. Kuyambira 1986 ankapititsa Ukaristia kwa odwala m'makomo Lachisanu lililonse. Wina akadandaula za msana kapena mvula, ankangoti, "Perekani kwa Ambuye, kenako mutereke ketulo."

Mu Meyi 2022 anachitidwa opaleshoni yochotsa chotupa mu ubongo. Bala litapola, pachipsera pankawawabe, choncho dokotala anawalembera zigamba zomata pakhungu zochititsa dzanzi. Pofika Julayi anali atayambiranso kuyendera odwala, ndipo zigamba zinkachepa m'bokosi monga mwa malangizo. Koma mu Okutobala mwana wawo Orla, powasambitsa m'mutu, anapeza tsitsi litamera thoo pachipsera ponse. Chigamba sichimata patsitsi.

"Amayi, mukumata kapena ayi?"

"Zikugwira ntchito yake, mwanawe."

"Pamutu pa ndani?"

"Upolisi wauyamba liti? Tiyi wakoyo akuzizira."

Orla anakayikira Dympna Keane, mayi wolembedwa ntchito yodzawasamalira m'mawa, kuti ndiye ankaba zigambazo, nakamunenera kwa mabwana ake. Dympna anakana mlanduwo, koma mabwanawo anamuimitsa ntchito.

Atamva zimenezi, Mayi Concepta anaimba okha foni ku ofesi ya mabwanawo. Anati Dympna sanakhudzepo bokosilo. Zigamba ankazinyamula iwowo m'chikwama Lachisanu, kupatsa wina amene ululu unkamusowetsa tulo, pakuti wawo anali ataupereka kale kwa Ambuye. Dzina la munthuyo anakana kulitchula, ngakhale kwa bambo mfumu, chifukwa analonjeza. A ku ofesi anayankha kuti mawu a munthu wochitidwa opaleshoni ya ubongo ndi osakwanira popanda mboni.

Anamwalira mwamtendere kunyumba kwawo, atalandira sakramenti la odwala. Kupirira kwawo tidzakukumbukira. Kugawa mankhwala olembedwa ndi dokotala sitikulimbikitsa, ndipo zotsatira zake zinagwera wina.

Mabanja onse amene ankawayendera anabwera kumaliro. Palibe ndi limodzi lomwe lavomera kuti linalandirapo chigamba. Dympna Keane anaima kumbuyo kwa tchalitchi Misa yonse, ndipo mpaka lero sanabwezeretsedwe pantchito.