Mchere wa Arlete

Ndimagulitsa nyemba pafupi ndi makina osokera a Benvinda pamsika wa Mongue, ndipo ndinene poyera kuti mayiyu ndi wamakani. Anabadwira kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, nabwera kuno ali pamsana. Sukulu anaisiya sabata yomwe anatha msinkhu, chifukwa mwamuna anali atapezeka kale. Lero amasoka nyanda zochapa, nsalu zovala mkazi akakhala kumwezi, pogwiritsa zidutswa za zitenje, zomwe kuno timati kapulana. Akasoka, pakamwa sipatsekeka: chapani ndi sopo, yanikani padzuwa, musachotse mwana pasukulu. Amayi amagula mobisa, kenaka n'kumuseka akatembenuka.

Chimene chinamudanitsa ndi anthu ndi mchere. Kwathu kuno mkazi ali kumwezi sathira mchere m'ndiwo, akuti wodyayo amatupa miyendo n'kumwalira. Amaitana wina kuti amuthirire, ndipo nyumba yonse imadziwa. Benvinda anaimirira pamsonkhano wa amayi kutchalitchi n'kunena kuti limenelo ndi bodza. Ine ndinangoweramitsa mutu.

Kenaka mwana wake Arlete, wa zaka khumi ndi zitatu, anatha msinkhu. Apa Benvinda, mlaliki wathu uja, anaibisa nkhaniyi. Mwamuna wake Reinaldo anali atalonjeza kale Yonasi, wogula nandolo kumalire, kuti mtsikanayo akangokula amutenga. Ndipo wophika ndiwo pakhomopo anali Arlete. Akanangoitana womuthirira mchere, sukulu ikanathera pomwepo.

Benvinda anandifotokozera yekha. Anamufumbatitsa mwanayo mchere.

“Thira.”

“Amayi, ndipha abambo.”

“Thira, ndakuuza! Akafa ndawapha ndine.”

Arlete anathira akulira. Anakhala pakhonde kuyang'ana bambo ake akudya, ndipo bambowo atatsokomola kamodzi, mwanayo anathawira kuseri kwa nkhokwe. Benvinda naye anandiululira kuti kutacha anayamba wasuzumira miyendo ya mwamuna wake. Mantha amene unayamwira sachoka ndi pakamwa pokha.

Zinayenda choncho dzinja lonse. Anaulula ndi mlongo wake wa Reinaldo, amene anapeza nyanda zing'onozing'ono zitayanikidwa kuseri kwa bafa. Tsikulo ndinali pakhomopo kudzabwereka sefa. Reinaldo analowa ndi njinga, nakhala pamkeka chakudya chili kale pamaso pake, koma sanasambe m'manja.

“Amake Arlete, mwanayu wakula?”

“Wakula.”

“Liti?”

“Mvula isanayambe.”

“Nanga ndiwo amathira mchere ndani?”

“Iyeyo. Chiyambire nthawiyo mukudya mchere wake. Mwatupa pati, abambo ake Arlete?”

Reinaldo anakwinya buluku, nadina mwendo wake ndi chala, nadikira. Chala sichinalowe. Anadinanso wina. Arlete anali ataima pakhomo.

“Yonasi ndimuuza chiyani?”

“Mumuuze kuti mwanayu ali pasukulu. Akalimbikira, ndikanena kuboma, ndipo dzina lanu ndikalitchula.”

Reinaldo anakankha mbale, natenga njinga yake.

Yonasi sanabwere. Arlete akupitabe kusukulu, nyanda zake m'chikwama. Reinaldo amagona pakhomo pomwepo, ali bwinobwino, amakwezabe matumba a chimanga panjinga mpaka kumalire. Koma kuyambira tsikulo sanadyenso chophikidwa m'nyumba mwake. Amakadya kwa mlongo wake. Zimandipweteka kuziona. Benvinda amamupakulirabe tsiku lililonse, n'kuvundikira mbale yake, ndipo m'mawa amakakhuthulira nkhumba.