Nthambi za Azakhali Aune

Kudoko kwathu kuno, kudziko lozizira kwambiri, nyanja ikangoyamba kuundana n'kukhala ayezi pamwamba, palibe amene amapondapo azakhali anga a Aune Kettunen asanapondepo. Ali ndi zaka 68, koma chaka chilichonse pokawedza amatsogola ndi ndodo yawo yachitsulo, kumenya ayezi katatu asanasunthe phazi. Madzi akatuluka, amabwerera.

Chaka chatha chipale chofewa chinagwa msanga n'kufunditsa ayezi asanakhwime. Alamu awo a Reijo, aja amawedzera pakamwa, anawakuwira ali kumtunda: "Alamu, nsombazo zadziwa kale kuti mwakalamba! Bwererani mudzamwe khofi."

"Inu khalani konko, mungatiswere nyanja ndi chimimba chanucho," anayankha azakhali.

Atayandikira pamene mtsinje umathira m'nyanja, ayezi anaphwanyika, iwo n'kulowa mpaka m'mapewa. Sanakuwe. Anagwira zisonga ziwiri zimene amazikoleka m'khosi nthawi zonse, n'kuzizika pa ayezi, n'kudzikoka chafufumimba mpaka anatuluka.

Tinathamangira nawo mu sauna, kachipinda kotentha ndi nthunzi, kuti akafundidwe, tikuganiza kuti zowedza za chaka chimenecho zathera pomwepo. Koma pasanathe maola awiri ndinawapeza akuvala nsapato zouma, mtolo wa nthambi za paini uli pambali. Kwathu kuno malo oopsa panyanja timawazikira nthambi.

"Azakhali, mukubwereranso komweko?" ndinawafunsa.

"Nanga pamene ndagwerapo akupadziwa ndani? Pofika mawa pakhala patakutidwa bwinobwino. A Reijo adzera pomwepo, ndipo iwo aja zisonga amazisiya m'galimoto."