Timisasa ta mbande pamwamba pa phiri

Chikwakwa cha amayi chinali ndi mpini wong'aluka, womangidwa ndi mphira wa njinga. Ndimachikumbukira chifukwa cha nyengo yozizira ija, ndale za zipani zambiri zitangoyamba kumene, pamene a zankhalango ku Likhubula ankayesa mitengo yachilendo pamwamba pa phiri, kumene nkhalango imathera n'kutsala udzu wokhawokha. Amayi analembedwa ntchito yosenza mbande ndi kupalira. Ntchito imeneyo ndiyo inkatidyetsa, poti ife othawa nkhondo ya ku Mozambique munda tinalibe.

Loweruka ndinkakwera nawo. Kumtundako udzu unkayera mbee ndi chisanu, zala kuuma gwa, mphuno kumangochucha. Timitengo tija tinkapsa nsonga ngati tawauka ndi moto, ndipo amayi anga, mtima wawo wosachedwa kumva chisoni uja, sanapirire. Anamweta udzu n'kumangira kamtengo kalikonse kamsasa, khomo kuloza kotulukira dzuwa, ine ndikuwapatsira luzi. Timisasato tinkaoneka ngati mudzi wa anthu afupiafupi, ndipo ndinasangalala kwabasi.

Akapitawo atafika anagwira mutu. Anali munthu wofatsa, ndipo lero ndimavomereza kuti sankalakwa: cholinga chinali kuona mtengo wopirira chisanu pawokha, wofookawo ufe. "Mayi, mukuwononga mayeso. Mukabwereza, ntchito yatha." Amayi anagwada, anapepesa, n'kugwetsa timisasa tonse ndi manja awo. Kunyumba amalume anaseka mpaka misozi: "Alongo, chatsala n'kuiphikira phala mitengoyo!"

Chiperoni chitatha kumwamba kunayera, ndipo aliyense wodziwa phirilo anadziwa kuti chisanu chilusa. Amayi anayang'ana mbandezo nthawi yaitali. Kenako anayamba kumweta. Nditawakumbutsa mawu a akapitawo, anangoti, "Mlendo wamng'ono sagona panja."

Ntchito inathadi. Tinakhalira maganyu othyola tiyi, ndipo ine ndinatupa masaya kwa masabata, kudandaula kuti amayi asinthanitsa chakudya chathu ndi timitengo tosabala n'chipatso chomwe. Iwo sanandikalipire. Ankangondifunditsa chitenje chawo pamwamba pa bulangete langa.

Ndinkadziwa kuti pothawa nkhondo tinawoloka mtsinje wa Muloza m'nyengo yozizira, ine ndikuyenda ndekha, nditagwira dzanja lawo. Sindinadzifunsepo chifukwa chake kamwana ngati ine sanandibereke kumsana. Kumsanako kunali mng'ono wanga, amene anagona nafe m'tchire popanda denga, ndipo sanadzuke.