Thobwa la Mayi Eveles

Mayi Eveles anayamba kuphika thobwa ali ndi khanda kumsana, ndipo anapitiriza mpaka khandalo linakula n'kukhala mphunzitsi. Zaka zonsezo malo awo anali amodzi, pansi pa mtengo wa nimu pa Khombedza, pomwe maminibasi amaima. Makondakitala, ogulitsa usipa, alimi obwera ndi mpunga kuchokera ku Chinguluwe, onse ankapatukira pomwepo.

Luso lawo linali m'dzanja lamanja. Phala likapsa ankaliphula, n'kudikira, kenako n'kuviikamo chala. Chalacho n'chimene chinkawauza nthawi yothira chimera cha mawere. Akavundula, phala lolimba lija linkalefuka pang'onopang'ono, n'kusanduka lamadzimadzi, lotsekemera popanda shuga.

Chaka chatha, m'mawa wina akusesa pabwalo, tsache linawapulumuka, iwo n'kugwa. Kuchipatala adokotala anati mafuta anachuluka m'magazi, anamatirira m'mitsempha mpaka kamtsempha kena ka mu ubongo kanatsekeka.

"Mafuta ake ati, ine wowonda chonchi?" anafunsa Mayi Eveles.

"Ena sachokera m'mbale, mayi. Chiwindi chimapanga chokha."

Anawapatsa mapiritsi, n'kuwaletsa zokazinga za pamsika. Mwendo unachira. Dzanja lamanja linayambanso kugwira, koma silinkamvanso kutentha kapena kuzizira. Anayesa lamanzere, koma ilo silinaphunzirepo ntchitoyi, linkangothawa msanga.

Thobwa loyamba linatuluka lolimba, losakoma ngati phala la wodwala. Lachiwiri linasasa lisanatsekemere. Robert, kondakitala amene ankamwa makapu awiri tsiku lililonse, anamwa theka n'kuyang'ana kumbali.

"Amayi, lero mwaiwala chiyani?"

Madzulo Mayi Eveles anakathira lotsalalo kwa nkhumba za aneba, ndipo sabata yonse sanasonkhe moto wa thobwa.

Loweruka kunabwera Jenifer, mwana wawo uja, amene amaphunzitsa sayansi ku sekondale ina m'tauni ya Salima. Anawapeza atakhala pakhonde, chimera chili m'lichero, nkhuku zikujompha iwo osaziingitsa.

"Chimera sichinalakwe, amayi," anatero Jenifer atamva nkhani yonse. "Mawere akamera, mkati mwake mumapangika tinthu totchedwa maenzaimu. Ndi timeneto timadula phala kukhala shuga. Phala likatentha kwambiri timafa. Likazizira timachita ulesi."

"Ndiye zaka zonsezi ndinkaweta tizilombo?"

"Si tizilombo ayi. Koma chala chanu chinkatidziwa bwino kuposa ine."

Sabata yotsatira Jenifer anawabweretsera kachipangizo koyezera kutentha, n'kumangapo ulusi wofiira pa nambala sikisite-faifi. Mayi Eveles anakayang'ana nthawi yaitali. Kuti munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi aziuzidwa ndi kagalasi zimene ankazidziwa wokabweretsayo akadali kumsana, zinawawawa. Komabe anakaviika m'phala, maso ali pa ulusi uja.

Thobwa linabwerera. Ena amati n'lomwe lija, ena amati lasintha pang'ono. Iwo satsutsa aliyense.

Masiku ano amapita pa Khombedza tsiku la msika lokha. Kuvundula mphika ndi dzanja lolemera kumawatengera m'mawa wonse wa dzulo lake, ndipo chidebe amakwezetsa pa kabaza iwo n'kumatsatira pambuyo, kupuma kawiri panjira. Dzuwa likafika paliwombo amavindikira chidebe, kaya thobwa latha kaya latsala, n'kupempha mtsikana wogulitsa tomato, Safia, kuti awagwire mkono adzuke.