Dzina limene linatsala kunja kwa chimbale

Phulmoni Dasi ankagulitsa masamba otafuna a pani pakhonde la sitolo ya magalamafoni mumsewu wa Chitpur, mumzinda wa Kalikata. Mawu anali atamuthera, chifuwa chinawadya. Komatu mayi ameneyu anali woimba, ndikukuuzani, woti akatsegula pakamwa ngakhale okoka ngolo ankaima.

Ali mtsikana, mzungu wa kampani ina yojambula nyimbo, ya chizindikiro cha nyali, anamuitana kuti akaimbire m'lipenga lojambulira mawu pa phula. Womasulira anamulangiza kuti, "Ukamaliza ufuule dzina lako. Phulali lipita kutsidya kwa nyanja, ndipo kumeneko amalemba pachimbale dzina limene alimva. Uchite changu, phula silidikira munthu."

Anaimba mpaka womasulira uja misozi chuchuchu. Koma woimba woleredwa bwino satchula dzina lake asanatchule amene anamuphunzitsa. Phulmoni anagwira khutu mwaulemu, monga mwa mwambo, n'kufuula dzina la malemu mphunzitsi wake: "Nistarini!" Pamene ankakoka mpweya kuti atchule lake, singano yojambulira inali itafika kale kumapeto kwa phula.

Zimbale zinabwera zitalembedwa Nistarini pansi pa nyali ija. Zinayenda malonda kwabasi, kampani n'kukalembetsa dzinalo kuboma kuti ndi lake, n'kumaimbitsanso atsikana ena pa dzina lomwelo. Phulmoni atapita kukadandaula, kalaliki anangomuyang'ana. "Dzinali lili ndi eni ake, mayi. Lanulo lili pa pepala liti?" Anthu opanda manyazi! Zinamupweteka moyo wake wonse.

Tsiku lina masana mwini sitolo, Haripada, anapukusa galamafoni kuti akope ogula, n'kuikapo chimbale chakale chija.

"Ndine ameneyo," anatero Phulmoni ndi mawu osasa.

"Inu azakhali?" Haripada anafa nalo phwete. "Ndiye ine ndine bwanamkubwa!"

"Dikira kumapeto, mwanawe, umve."

Anthu anaunjikana. Nyimbo inatha, mawu a mtsikana anafuula kuti, "Nistarini!" kenako singano kwee, kwee. Pampata umenewo Phulmoni anaimirira, n'kutchula ndi mphamvu zake zonse dzina limene linachedwa zaka makumi atatu. Pakamwa panangotuluka mpweya.

"Mwamva nonse, wadzitchula yekha mwini wake kuti ndi Nistarini," anatero Haripada, akunyamula singano.

Bambo wina anagogoda pathireyi ya masamba ya Phulmoni. "Inu mayi a pani, ndikulungireni awiri."

Phulmoni anakhala pansi n'kumukulungira.