Nthawi Yopuma Imene Ndinapita Kukaifuna ku Lusaka

Ndinaganiza zochoka ku Mfuwe tsiku limene mwana wanga Tisa anakana kuti ndimunyamule. Anali ndi zaka zitatu. Pa nthawiyo ndinkachapa ndi kusita pa loji ina pafupi ndi paki ya nyama zakutchire, ndipo nyengo ya alendo ikafika ntchito inalibe malekezero. Galimoto ya antchito inkanditenga kusanache, n'kundibweza mwana atagona kale. Lamlungu lina nditapuma ndinamutambasulira manja, iye n'kuthawira kumbuyo kwa mkulu wanga, asisi Esnart.

Mnzanga wina anandiuza kuti pa fakitale ya mabisiketi ku Lusaka amagwira maola asanu ndi atatu basi. Ndinati ndikakakhazikika ndidzamutenga Tisa, madzulo onse adzakhala athu, adzandidziwa kuti ndine mayi wake. Ndinamusiya kwa asisi ku Kakumbi, n'kukwera minibasi ya ku Chipata, poyambira ulendo wa ku Lusaka.

Za maolawo sanandinamize. Belu likalira makina ankazima, aliyense n'kuvula chipewa. Mkulu wa bungwe la antchito, bambo wa imvi wochokera ku migodi, ankakonda kutikumbutsa kuti zimenezi sizinagwe kumwamba. Kale, m'mafakitale a maiko akutali, anthu ankagwira kuyambira mbandakucha mpaka mdima, ana omwe. Ena anamangidwa, ena anafa, pomenyera kuti tsiku ligawidwe patatu: ntchito, tulo, ndi nthawi ya munthu mwini. "Gawo lachitatulo ndi lanu," ankatero. "Musaligulitse."

Langalo ndinalibe womupatsa. Chipinda changa ku Kanyama chinkangokwana bedi ndi mbaula, ndipo mvula ikagwa madzi ankalowera pakhomo. Mwana sindikanamuikamo. Ndikaweruka dzuwa linali likadalipo. Ndinkachapanso zovala zochapa kale. Ndinazolowera kubwera wapansi kuchokera ku ntchito, osati posunga ya basi, koma kuti tsiku lifupikeko. Ndalama ndinkatumiza pafoni mwezi ndi mwezi, yankho n'kubwera lalifupi: "Talandira. Njovu zalowanso m'munda." Ndikaimba, asisi ankayankha ali m'munda, mphepo ikusokosa. "Tisa, bwera ulankhule ndi a ku Lusaka." Mwanayo ankati, "Muli bwanji," n'kubweza foni.

Chaka chatha malonda atatsika, fakitale inatichepetsera masiku a ntchito. Anzanga a mabanja anadandaula za malipiro. Ine ndinachita mantha ndi masiku ongokhalawo. Ndinalongedza katundu n'kubwerera.

Ndinafika chimanga chikubereka, nthawi imene njovu zimavuta kwambiri. Banja lonse linali pa ntchito ya tsabola. Amasinja tsabola wouma, kumusakaniza ndi oilo wakutha wa galimoto, n'kupaka pa zingwe ndi nsanza zozungulira munda, chifukwa njovu imadana ndi fungolo. Tisa, yemwe tsopano anali mwana wa sukulu wamtali ndithu, ankapaka ngati munthu wamkulu.

Ndinamuchotsapo. Ndinayala mphasa pansi pa mango, n'kutulutsa mabisiketi ndi buku la zithunzi. "Lero usagwire ntchito. Tikhale, ticheze." Anakhala atatambalala, manja pa miyendo, monga amakhalira mwana pamaso pa mlendo. Mafunso anga ankayankha "inde" ndi "iyayi". Kumunda kunkamveka phwete la kuseka. Ndinachita zimenezi masiku angapo, ndipo tsiku lililonse ankapempha kukamwa madzi, osabweranso.

Asisi anandipeza ndili ndekha pa mphasapo.

"Iwe Loveness, mwanayo ukumulangira chiyani?"

"Ndikufuna andizolowere, asisi."

"Pa mphasa? Pa mphasa timakhazikapo alendo ndi odwala. Nanga iwe ndiwe uti?"

M'mawa mwake ndinatenga nsanza n'kulowa mu mzere. Ntchitoyo ilibe belu, imatha chingwe chikatha. Dzuwa lisanakwere ndinali nditamva zambiri kuposa za pafoni zaka zonse zija: mphunzitsi amene Tisa amamuopa, mnzake amene anakangana naye, ndi tsiku limene anakumana ndi njovu pafupi ndi mjigo n'kutaya ndowa. Tisa sankauza ine. Ankauza aliyense amene anali pa chingwecho, ndipo tsikulo ndinalipo.

Thukuta litanditsikira, ndinapukuta m'maso ndi dzanja, monga ndinkachitira pa makina. Unali moto. Ndinakuwa, anthu n'kufa nako kuseka. Ndinamva dzanja laling'ono likundigwira pa mkono mwamphamvu.

"Musatikite! Ha, inu a ku Lusaka!"

Anandikokera pa ndowa, kundiweramitsa, n'kumandithira madzi pang'onopang'ono. "Timapukuta ndi phewa, chonchi. Simukudziwa?"

Ndinkadziwa kale, ndili msinkhu wake. Ndinali nditaiwala, monga ndinaiwalira kuti kwathu munthu sadikira kuweruka kuti apeze anzake. Bambo wa bungwe uja sananame, maola aja anthu anawavutikira ndipo ndi oyenera. Koma kuno nkhani, nthabwala ngakhale kulera mwana zili m'kati mwa ntchito momwemo, ndipo wokhala pambali amangomva kuseka chapatali.

Maso atayamba kuona, Tisa anayang'ana chitenje changa chatsopano, chomwe chinali chitada ndi oilo.

"Mawa tipaka mbali ya ku mtsinje," anatero. "Mubwere ndi chitenje chakutha. Ichi n'cha kutchalitchi."

Sananditchule amayi. Madzulo ndinapita kwa asisi kukapempha chitenje chakutha.